Mphande ndi Mwini Wache

Akuluakulu a kuno ku chigwa cha Shire akumbukira mphande, choyera chozungulira chija chimene mafumu akale anali kubvala pachifuwa. Koma owerengeka ndiwo adziwa kumene ichokera. Mphande ndiyo tsinde la chigoba cha nkhono ya m'nyanja yamchere. Anthu anali kudula chigobacho, nachipera pamwala, ndipo amalonda anakwera nacho kumtunda. Mtengo wache unali woopsa. M'chaka cha 1854 mfumu Shinde ya Alunda inabveka David Livingstone mphande m'khosi, ndipo iye analemba kuti kumeneko mphande ziwiri zinali kugula kapolo, zisanu mnyanga wa njobvu.

Tsono mwini chigobacho ndiye mlenje. Anthu ophunzira atcha mtundu wache Conus, ndipo ziripo za maonekedwe mazanamazana. Usana nkhonoyi ibisala mumchenga ndi m'miyala ya m'mbali mwa zisumbu; usiku ituruka kukasaka. Iri ndi dzino longa mubvi wa ululu, limene ilasa nalo nyongolotsi, nkhono zinzache, ngakhale nsomba, nizimeza zitauma thupi.

Ina, dzina lache Conus gloriamaris, ndiko kuti ulemerero wa nyanja, inali yosowa ndithu, kotero kuti olemera a ku Ulaya anali kuilimbirana ndi ndalama zambiri. Koma m'chaka cha 1969 osambira pansi pa madzi anaipeza yochuruka ku zisumbu za Solomon, ndipo mtengo wache unagwa.

Yoopsa koposa ndiyo Conus geographus, imene ipezeka ndi ku gombe la Mozambique lomwe. Iyo yapha anthu. Wolasidwa ayamba dzanzi, ziwalo zilefuka, mpweya nubanika. Ndipo mankhwala osukulutsa ululuwo palibe. Chomupulumutsa ndicho kumthamangitsira ku chipatala, kuti amthandize kupuma kufikira ululu utatha mphamvu. Chodabwitsa nchakuti mu ululu wa inzache, Conus magus, asing'anga anapezamo mankhwala oletsa kupweteka kwakukuru, amene anabvomerezedwa ku America m'chaka cha 2004.

Chifukwa chache, inu makolo, langizani ana anu opita ku Beira ndi ku Quelimane kukafuna nchito. Akaona chigoba chosongoka cha mawanga okoma m'madzi, asachitole ndi manja, asachiike m'thumba la malaya. Pakuti kapena mwini wache akali momwemo, ndipo mubvi wache uboola nsaru.