Tekoma, duwa lopirira dzuwa la ku Tete

Munthu wokulira ku Angónia kapena ku Tsangano akasamukira ku Tete kapena ku Moatize, coyamba kumulonjera ndi dzuwa. Kumudzi kumapiri kuja, duwa umangobzala n'kuliiwala, ilo n'kumakula lokha. Kucigwa kuno si conco. Mu Outubro ndi Novembro kutentha kumapitirira madigiri 40. Maluwa amene munabwera nawo kucokera ku Ulónguè amapserera, ndipo madzi amene munasenza pamutu amangopita pacabe.

Koma cilipo comera cimene cimapirira kutentha kotere. Akatswiri a zomera amacicha Tecomaria capensis. Pa Cipwitikizi ndi madressilva-do-cabo. Ife pano tizingoti tekoma.

Tekoma ndi wotani?

Tekoma ali ndi masamba ang'onoang'ono obiriwira, onyezimira, a m'mphepete mwa manomano. Maluwa ake ndi aatali ngati kalipenga. Ambiri ndi ofiirira ngati moto, ena ndi acikasu. Akaima yekha amatalika mamita 2 kapena 3. Akapeza mpanda kapena mtengo wotsamira, amakwera kuposa pamenepo. M'maluwa ake muli timadzi totsekemera, n'cifukwa cake njuci, agulugufe ndi timbalame ta milomo yaitali sitisowa pamene pali tekoma.

Comeraci si cacilendo m'dziko muno. Kwawo ndi ku South Africa, ku Eswatini ndi kum'mwera kwa Mozambique, kumene cimamera cokha m'chire. Anthu anacitenga n'kupita naco kutali. Lero cimabzalidwa ngakhale ku Phoenix, mzinda wa m'cipululu ku United States. Kumeneko mvula ya caka conse ndi pafupifupi mamilimita 200 basi. Mzinda wa Tete umalandira mvula yoposa pamenepo katatu. Ngati tekoma amakhala ku Phoenix, kuno angalephere bwanji?

Koma mvetsani bwino apa. Tekoma wopirira ndi wamkulu, amene mizu yake yalowa pansi. Wamng'ono ndi khanda. Nchito yonse ili pa caka coyamba. Mukamuolotsa cilimwe cimodzi, zotsalazo n'zopepuka.

Mbewu muipeza kuti?

Simufunika ndalama. Nthambi ya tekoma ikakhudza dothi imatulutsa mizu. Ngati mnansi wanu ali naye, mupempheni. Weramitsani nthambi imodzi yofewa mpaka pansi, osaidula. Kwirirani pakati pake ndi dothi, nsonga ikhale kunja. Tsinjikani ndi mwala, ndipo muzithirira. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mizu imakhala itagwira. Ndiye dulani nthambiyo kwa mayi wake, muikumbe pamodzi ndi dothi lake.

Nthawi zina simudikira n'komwe. Yang'anani pansi pa tekoma wamkulu. Mupezapo ana amene amera kale ndi mizu yao. Amenewo ndiwo abwino kwambiri.

Sankhani malo

Tekoma amakonda dzuwa, koma dzuwa la masana mpaka madzulo limawaula masamba a wamng'ono. Malo abwino ndi kum'mawa kwa nyumba. Kumeneko amaothera dzuwa la m'mawa, ndipo masana nyumba imamuchinga.

Mwina inu mukufuna mthunzi kumadzulo, kumene khoma limatentha mpaka usiku. N'zotheka. Koma caka coyamba mumangireni kamthunzi ka udzu kapena ka mphasa yakutha kumbali ya kumadzulo. Musamubzale mogundana ndi malata kapena khoma la simenti, cifukwa zimenezi zimabweza moto wa dzuwa. Siyani mpata wa mita imodzi.

Tekoma alibe timanja togwirira ngati dzungu. Amangotsamira. Conco zikani mitengo, pingasani nsungwi kapena waya, ndipo muzimangirira nthambi ndi kansanza. Musamange mothina.

Kabzalidwe

Nthawi yabwino ndi pamene mvula yakhazikika, ca mu Dezembro. Mvula imakuthandizani kuthirira mpaka Março, ndipo mizu imapeza nthawi yolowa pansi.

Kumbani dzenje lakuya theka la mita, m'lifupi cimodzimodzi. Theka la mita ndi ngati kucokera pa cigongono kufika kunsonga ya zala. Thirani cidebe ca madzi m'dzenjemo. Ngati madzi agona momwemo mpaka mawa, sinthani malo, cifukwa mizu ikakhala m'madzi imaola.

Sakanizani dothi lapamwamba ndi manyowa a mbuzi kapena a ng'ombe. Akhale owolerana, aja osanunkha. Ndowe zaziwisi zimaocha mizu. Bzalani madzulo, dzuwa litapepa. Pomaliza konzani kambale kozungulira tsinde kuti madzi asathawe. Ngati mukufuna mpanda, siyani mita imodzi pakati pa comera ndi cinzace.

Kuthirira: apa ndi pamene ambiri timalakwa

Timakonda kuwaza timadzi pang'ono tsiku lililonse. Timadzi totero timanyowetsa pamwamba pokha. Mizu nayo imatsatira madzi, ndiye imangoyenda pamwamba pomwepo. Outubro akafika, dothi lapamwamba limatentha ngati ciwaya, mizu n'kupsa.

Thirani madzi ambiri nthawi imodzi, kenako dikirani. Madzi akalowa pansi, mizu imawalondola komweko, kumene kuli kozizira. Mvula ikatha, cidebe ca malita 10 kawiri pa sabata cimakwanira comera cimodzi. Mu Outubro ndi Novembro onjezerani kafike katatu. Caka caciwiri, kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri n'kokwanira.

Musanathire, lowetsani cala conse m'dothi. Ngati muli cinyezi, dikirani. Masamba akalefuka masana musathamange, mwina ndi kutentha cabe. Kawaoneni m'mawa. Akakhala olefuka m'mawa, pamenepo ndiye ludzu. Akamasanduka acikasu dothi lili lonyowa, mwacurutsa madzi.

Madzi ndi ovuta, tikudziwa. Nazi njira zowasungira:

1. Thirirani m'mamawa kapena madzulo, osati masana.
2. Yalani udzu wouma kapena mapesi kuzungulira comera. Asakhudze tsinde, kuopa ciswe.
3. Boolani timabowo pansi pa botolo la pulasitiki, mulikwirire pambali pa comera, kukamwa kuli kunja. Mukathira m'botolo, madzi amapita kumizu pang'onopang'ono.
4. Madzi otsukira mpunga kapena ndiwo zamasamba musataye. Koma a mcere, a sopo wambiri kapena a mankhwala oyeretsera zovala ayi. Amaononga dothi.

Cenjerani ndi mbuzi

Ziweto zimadya masamba a tekoma. Ku South Africa alimi ena amamusiya dala m'mipanda kuti ziweto zizidyako. Wamkulu amaphukanso, koma wamng'ono mbuzi imodzi imamumaliza nthawi yocepa. Ndipo mbuzi za ku Tete mukuzidziwa, m'cilimwe sizisiya kanthu kobiriwira. Tsiku lomwe mwabzala, chingani ndi minga kapena bango. Musati mawa.

Kudulira

Tekoma akakhazikika amakula msanga, ndipo amayenda. Nthambi iliyonse yogona pansi imasanduka comera catsopano. Mukamulekerera adzalowa m'dimba, mwinanso kwa mnansi, n'kuyambitsa mkangano. Conco kwezani nthambi zogona pansi, zulani ana osafunika. Maluwa akatha, dulirani nthambi zotalika ndi zouma. Musadulire mu Outubro, cifukwa masamba ndiwo akuchinga tsinde ku dzuwa.

Maluwa amabwera nthawi zosiyanasiyana, koma amaculuka nyengo ikazizirako. Mukaona masamba okhaokha popanda duwa, mwina mthunzi waculuka, kapena manyowa apyola.

Ana amene mwazula aja musataye. Patsani mnansi, ndipo mumuuze zitatu izi: mthunzi wa masana, madzi olowa pansi, ndi mpanda wa mbuzi.

Tikambirane

1. N'cifukwa ciani kuwaza madzi pang'ono tsiku lililonse kumapha comera?
2. Pakhomo panu, ndi madzi ati amene mumataya koma mungathirire nawo?
3. Lembani ziganizo zitatu zofotokoza malo amene mungabzale tekoma.