Injini ikatopa, musathamangire makaniko wa pakamwa pokoma

Munthu akagula minibasi, lole kapena ka Sienta kake kuno kwa Nsamala, abale ndi anansi amabwera kudzayamikira penti ndi mipando. Palibe amene amapempha kuona injini. Komatu mpamba wonse wa mwini galimoto wagona m'chitsulo chimenecho. Tsiku limene chayamba kufuka utsi, kumwa oyilo ngati thobwa ndi kugogoda m'mawa, ndiye kuti nthawi yakwana yosankha munthu woti achiphwasule ndi kuchimanganso. Apa m'pamene amalonda ambiri agwera m'mbuna.

Dera la mfumu yaikulu Nsamala, lomwe linali mbali ya boma la Machinga mpaka pomwe Balaka inakhala boma payokha m'chaka cha 1998, lili pamphambano. Msewu wa M1 wochokera ku Blantyre kudzera pa Zalewa umadutsa pa Phalula ndi pa Chingeni kulowera ku Ntcheu ndi Lilongwe. Wina umachoka pa Chingeni, kudutsa m'tauni ya Balaka mpaka ku Liwonde, komwe ukumana ndi msewu wa ku Zomba ndi Mangochi. Galimoto za kuno sizipuma. Lero zasenza thonje, mawa nandolo, mkucha nsomba za kunyanja, ndipo zonsezi zikuchitika m'dzuwa loswa mtengo la Okutobala ndi m'fumbi la misewu ya kumidzi. Yopita ku Zomba iyeneranso kulimbana ndi chitunda cha ku Machinga.

Tisamaganize kuti injini zofuna ukatswiri ndi za galimoto za mipikisano zokha. Ku Le Mans m'dziko la France kumachitika mpikisano wa maola 24, ndipo galimoto yopambana imatha kuyenda makilomita oposa 5,000. Minibasi yopita ku Limbe ndi kubwerako tsiku lililonse imamaliza mtunda womwewo mwezi usanathe, kenaka n'kuyambiranso, popanda gulu la akatswiri loyidikira m'mbali mwa msewu. Ku Affalterbach m'dziko la Germany, kampani ya Mercedes-AMG ili ndi mwambo wakuti injini zake zamphamvu zimamangidwa ndi mmisiri mmodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo akatha amamatapo kachitsulo kokhala ndi siginecha yake. Nzeru yake ndi yapafupi: injini ikavuta, pali dzina la munthu woti ayankhe. Kodi makaniko wanu angalole kulemba dzina lake pa ntchito yake?

Mmisiri weniweni amadziwika ndi chinthu chimodzi: amayeza, sapenekera. Mukafika pa garaja n'kuliza injini, wina amangopendeka khutu n'kunena kuti, "Bwana, iyi ikungofuna maringi basi, mawa madzulo mudzatenge." Mawu okoma zedi, koma chenjerani nawo. Wodziwa ntchito asanamasule bauti ndi limodzi lomwe amayamba wayeza compression ya silinda iliyonse, kuyeza mphamvu ya oyilo ndi kuyang'ana mtundu wa utsi. Utsi wa buluu umasonyeza kuti oyilo akupsa. Wakuda umasonyeza kuti dizilo wachuluka kapena mpweya ukuchepa. Woyera wosaleka injini itatentha kale umasonyeza kuti madzi akulowa mosayenera kapena dizilo sakupsa bwino. Nthawi zina vuto limakhala manozo, gasiketi kapena fyuluta ya mpweya yodzaza fumbi, zinthu zosafuna kutsitsa injini yonse. Amene wathamangira kuphwasula asanayeze ali ngati sing'anga wotema mphini asanafunse pomwe pakupweteka.

Chifukwa chiyani kuyeza kuli kofunika chotere? Pakati pa crankshaft ndi mabeyaring'i ake pali kampata ka pafupifupi 0.05 mm, ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi, mwinanso kuchepera apo. M'kampata kameneko ndi momwe oyilo amadutsa kuti zitsulo zisakhudzane. Kakakula, mphamvu ya oyilo imatsika ndipo injini imayamba kugogoda. Kakachepa, zitsulo zimatentha n'kugwirana. Palibe diso kapena chala cha munthu chimene chingaone kusiyana kumeneku, ngakhale munthuyo atagwira sipanala zaka 30. Pamafunika micrometer. Mabauti a cylinder head nawo ali ndi muyeso wake ndi ndondomeko yake yomangira, n'chifukwa chake pamafunika torque wrench, osati kulumikiza paipi ku sipanala n'kukoka mpaka msana kulira. Tsono musachite manyazi. Funsani kuti, "Akulu, tandionetseniko micrometer ndi torque wrench yanu." Wodziwa ntchito amakondwa ndi funso limeneli. Wachinyengo amakwiya.

Funso lachiwiri n'lakuti zitsulo zikuluzikulu adzazipititsa kuti. Masilinda akadyeka amafunika kuboolanso pa makina kuti mulowe mapisitoni okulirapo ndi 0.25 kapena 0.50 mm, kapena kuikamo masilivi atsopano. Crankshaft yokalika imafunika kupala pa makina, ndipo mabeyaring'i ake ayenera kugwirizana ndi muyeso watsopanowo. Cylinder head imene inatenthapo iyenera kuyezedwa ngati yapindika kapena yang'aluka. Ntchito zimenezi sizichitika ndi sandipepala pansi pa mtengo. Zimachitika m'mashopu a makina, ambiri mwa iwo ali ku Blantyre, Limbe ndi Lilongwe. Makaniko wokhulupirika amakuuzani dzina la shopuyo, amabwera ndi risiti, ndipo zitsulo zikabwerako amaziyezanso yekha. Amene angolowetsa maringi atsopano m'masilinda odyeka wakupatsani miyezi yowerengeka ya chimwemwe, kenaka utsi uja ubwereranso.

Pano sitikunyoza amisiri ogwira ntchito pansi pa mtengo ayi. Alipo ambiri a manja abwino kuposa ena a magaraja a zikwangwani zikuluzikulu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma kaya ndi pansi pa mtengo kaya ndi m'nyumba ya malata, yang'anani pomwe injini ikumangidwira. Ngati mapisitoni ndi mabeyaring'i ali mbwee pa mchenga, mphepo ya Balaka ikuwazapo fumbi, tengani galimoto yanu muzipita. Kamchenga kamodzi kolowa m'njira ya oyilo kamakala chitsulo usana ndi usiku. Mmisiri wabwino amatsuka zitsulo, kupemerera njira za oyilo, kuziyala pa tebulo mwadongosolo ndi kuziphimba akamaweruka.

Chinanso, wodziwa ntchito amafufuza chimene chinapha injiniyo. Injini siifa yokha. Kawirikawiri imaphedwa ndi kutentha, fumbi, oyilo wokhalitsa kapena mafuta oipa. Radiyeta ya galimoto zambiri imamwetsedwa madzi a pa mjigo, omwe m'malo ena ndi amchere, ndipo pang'ono ndi pang'ono timapaipi take timatsekeka. Ena amachotsa thermostat n'kutaya poganiza kuti kuno n'kotentha kale, osadziwa kuti akusokoneza kayendedwe ka madzi m'injini. Pa nthawi ya kusowa kwa mafuta, monga zinalili mu 2011 ndi 2012 komanso mu 2022 ndi 2024, madalaivala ambiri anadalira dizilo wa m'zigubu, yemwe nthawi zina amakhala ndi madzi, zinyalala kapena parafini. Injini zakale za Toyota Hiace monga 3L ndi 5L zimapirirako pang'ono. Koma zatsopanopo monga 2KD, zomwe zimaponya dizilo pa mphamvu yoposa 1,000 bar, sizichedwa kuononga manozo ndi pampu. Makaniko amene wamanga injini koma osayang'ana radiyeta, pampu ya madzi, pampu ya oyilo, timing belt ndi manozo, wangokonzera maliro achiwiri.

Tibwere pa nkhani ya mphamvu, poti eni galimoto ena ndiwo amayambitsa mavuto. Amapita kwa makaniko n'kunena kuti, "Ndikufuna izikoka ngati ya uje, iziwapitirira anzake pa chitunda." Makaniko wofuna kusangalatsa bwana amangopotokola pampu kuti izithira dizilo wambiri. Zoona, masiku oyamba galimoto imauluka. Koma dizilo wochuluka popanda mpweya wokwanira amasanduka utsi wakuda ndi moto woposa muyeso pamwamba pa mapisitoni. Mafuta akutha msanga, oyilo akuda msanga, ndipo tsiku lina cylinder head ing'aluka muli pakati pa ulendo. Akatswiri omanga injini za mipikisano akafuna kuonjezera mphamvu amasinthanso njira za mpweya, zoziziritsira ndi zitsulo za m'kati kuti zonse zigwirizane, ndipo amadziwa kuti injini yotero moyo wake ndi waufupi. Inu a geni simukufuna chikho ayi. Mukufuna galimoto yoti idzuke m'mawa uliwonse. Makaniko amene wakukanizani zopotokola pampu, ameneyo ndiye mnansi wanu.

Pa masipeyala m'pamene pali kulira kwenikweni. Pafupifupi chitsulo chilichonse cha m'injini chimachokera kunja, choncho kwacha ikagwa mtengo wake umakwera tsiku lomwelo. Amalonda akale akukumbukira za 1994 pamene kwacha inasiyidwa kuti iziyenda yokha pa msika. A masiku ano sanaiwale kugwa kwake ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zinthu zikadula chotere, masipeyala achinyengo amachuluka, ena ali m'mabokosi okongola olembedwa maina a makampani otchuka. Njira yodzitetezera ndi iyi: makaniko alembe mndandanda wa zofunika atatha kuyeza, osati asanayeze. Pitani naye limodzi kogula, kapena tumani munthu wanu. Risiti iliyonse isungidwe. Ndipo nenani poyambirira kuti zitsulo zonse zakale zimene zachotsedwa mudzazifuna. Mawu amenewa okha amatseka khomo la mchitidwe wotsuka chitsulo chakale n'kuchibwezera momwemo, inu mutalipira chatsopano.

Ena amati kusiyana n'kuvutika ndi bwino kungogula injini yogwirapo kale ntchito yochokera ku Japan. Nthawi zina ndi nzeru ndithu, makamaka ngati block yang'aluka. Koma injini yotsukidwa bwino kunja siinena za m'kati mwake. Iyezedwe compression, ione ngati oyilo wake alibe madzi, ndipo wogulitsa alembe masiku amene mungaibweze ikavuta. Musaiwalenso kuti injini ili ndi nambala yake, ndipo nambalayo imalembedwa m'mapepala a galimoto ku Road Traffic. Mukasintha injini kakonzetseni mapepala, ndipo musagule injini yopanda risiti kapena yofufutidwa nambala. Yotchipa ya usiku ingakugonetseni m'chitokosi.

Nanga za masatifiketi? Si zolakwika kufunsa ngati munthu ali ndi Trade Test kapena anaphunzira m'sukulu za ntchito za manja monga Nasawa ku Zomba ndi Soche ku Limbe, kapena pansi pa TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1999. Pepala limasonyeza kuti munthu anaphunzira kuwerenga buku la injini ndi miyeso yake. Koma umboni waukulu uli pamsewu. Pitani pa depoti ya Balaka kapena pa siteji ya Liwonde, khalani pansi ndi madalaivala ndi makondakitala. Iwowa amadziwa injini iliyonse, amene anaimanga ndi tsiku limene inayambanso kufuka. Musafunse za imene yatuluka m'garaja sabata yatha, poti yatsopano iliyonse imalira bwino. Funsani za imene inamangidwa chaka chatha. Makaniko akutchulireni galimoto zitatu zimene anamanga, ndipo inu mukalankhule ndi eni ake iye palibe. Safunsa anadya phula.

Mukamupeza munthu wanu, lembani pangano, ngakhale pa pepala la m'kope la mwana wa sukulu. Palembedwe ntchito yoti igwiridwe, mtengo wa manja, tsiku lomaliza, ndi miyezi kapena makilomita amene iye adzakonze ulere ntchito yake ikavuta. Asayine iye, musayine inu, pakhalenso mboni. Musapereke ndalama zonse poyamba, chifukwa galimoto zambiri zamera udzu m'magaraja eni ake atalipira kale. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003 komanso bungwe la Competition and Fair Trading Commission lolandira madandaulo, koma kaya mupite kumeneko, kaya ku khoti, kaya kwa mfumu, funso loyamba lidzakhala lakuti, pepala lili kuti? Ubale kapena kupemphera mpingo umodzi si pangano.

Inunso eni galimoto muli ndi mbali yanu. Injini yongomangidwa kumene ili ngati mayi wongochira kumene, siyenera kusenzetsedwa mtolo tsiku lomwelo. Makilomita 1,000 oyambirira iyende mosathamanga ndi katundu wochepa, kenaka oyilo ndi fyuluta zisinthidwe, ndipo makaniko aionenso. Ngati mwaumiriza dalaivala kuti abweretse ndalama ya tsiku yonse kuyambira tsiku loyamba pofuna kubweza msanga zomwe mwaononga, musadzaloze chala mmisiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kwa inu ophunzira amene mukulakalaka ntchito imeneyi, mwayi ulipo. Masipanala ali ndi aliyense, koma anthu odziwa kuwerenga micrometer, kutsata buku ndi kulemba miyeso m'kope ndi ochepa. Amene adzazolowere kulemba zomwe wayeza ndi kuika dzina lake pansi sadzasowa makasitomala.

Injini ikafera pa Phalula ndi matumba a nandolo pamwamba, wolira si mwini galimoto yekha. Dalaivala ndi kondakitala agona ndi njala, mayi wa geni waphonya msika, fizi ya mwana yaima, pomwe ngongole ya ku banki kapena ya banki m'khonde ikuyendabe. Tsono musanapereke makiyi, funsani mafunso anu onse: wayeza chiyani, zitsulo akazipalitsa kuti, akumangira pati, ndipo asayina kapena sasayina.