Musanadule mango uja, onani kaye zomwe zimakhalamo

M'malokeshoni a Lilongwe ndi Blantyre muli kachitidwe kamene kakufala mwachangu: munthu akangogula puloti, chinthu choyamba n'kuitana anyamata a zikwanje. Mango pansi, mapeyala pansi, kenako simenti bwalo lonse. Kumbuyo kwa nyumba kumatsala kamalo ka masitepe asanu, ndipo m'menemo ndi momwe mayi amadzala repu, tomato ndi nkhwani kuti asamagule ndiwo tsiku lililonse. Chifukwa chodulira chimamveka ndithu: akuti mtengo umapha dimba.

Nthawi zina n'zoona. Tomato amafuna dzuwa la maola osachepera 6 patsiku, ndipo pansi pa mango wamkulu amangotalika, kuonda, osabereka. Bulugama ndiye woopsa kwambiri pa kadimba kakang'ono. Mizu yake imayenda patali kusaka madzi, moti mukathirira bedi m'mawa mumakhala mukuthirira mtengowo. Amene ali ndi bulugama wa aneba kuseri kwa mpanda akudziwa zimenezi.

Koma nthawi zambiri vuto limakhala malo amene mtengo waima. Dziko lathu lili kummwera kwa equator, choncho m'miyezi yozizira ya May, June ndi July, pamene ambiri amalima ndiwo zamasamba, dzuwa limadutsa chakumpoto ndipo mthunzi umagwera kummwera. Mtengo umene uli kumpoto kwa dimba umaphimba mabedi masana onse. Womwewo ukakhala kummwera, mthunzi wake umagwera kwina. Ndi kankhani kakang'ono, koma sindinamvepo wogulitsa mbande pamsewu akukauza kasitomala.

Chimene anthu sachiwerengera pokambirana mtengo wa anyamata odula aja ndi zamoyo zomwe zimasamuka nawo. Maungu ali ndi maluwa aamuna ndi aakazi pa chomera chimodzi, ndipo popanda njuchi yonyamula mungu, kadzungu kamafota kakadali ngati dzira n'kugwa. Ambiri amati ndi matenda, n'kukagula mankhwala opopera, omwe amaphanso njuchi zochepa zimene zinatsalazo. Mavu amene timathamangitsa ndi tsache amagwira mbozi kukadyetsa ana awo. Nanzikambe, amene ana amamuthawa ndipo akulu amamuponya miyala, ntchito yake n'kudya ziwala ndi ntchentche basi, alibe ululu uliwonse. Achule amabisala m'masamba ogwa masana, usiku n'kutuluka kukasaka tizilombo m'mabedi.

Ndiye pali kadzidzi. Apa mpomwe nkhani imavuta, chifukwa kadzidzi akalira padenga, kwathu kuno ambiri amati kukubwera maliro, ndipo m'mawa mwake mtengo umene amagonamo umaweruzidwa. Sindikufuna kunyoza agogo athu ayi. Koma mbalameyi imabwera pakhomo chifukwa pali makoswe ndi mbewa, zomwe zija zimaboola matumba a chimanga m'nyumba ndi kudya mbatata m'nthaka. Mukaithamangitsa, makoswewo amatsala, ndipo mumayamba kugula poizoni amene angathe kuphanso galu kapena nkhuku zanu.

Sikuti onse ndi abwenzi. Pumbwa amajompha tomato akangoyamba kupsa, mileme imadya mango usiku n'kudetsa khoma, ndipo kwa amene ali pafupi ndi phiri la Zomba kapena Michiru, anyani sadziwa kupempha. Zimenezi zimapweteka, makamaka madzi othirira ukuwalipira pa mita. Komabe mileme ina, ing'onoing'ono ija, imadya tizilombo touluka usiku, kuphatikizapo agulugufe amene amaikira mazira a mbozi. Aliyense amene anaona ntchemberezandonda zikuwononga chimanga mu 2017, mpaka boma kulengeza kuti m'maboma ambiri muli ngozi yadzidzidzi, sanganene kuti thandizo lotere n'lachabe.

Alimi a kumidzi atiposa ife a m'tauni pa nkhaniyi. Ku Salima ndi Mangochi amasiya msangu pakati pa munda chifukwa umayoyola masamba nthawi ya dzinja, chimanga n'kupeza dzuwa ndi manyowa, kenako umaphukira m'chilimwe. Msangu ndi waukulu, sungakwane papuloti ya ku Area 25, koma gilisidiya amakwana. Mtengowu unayesedwa kwa zaka zambiri pamodzi ndi chimanga ku Makoka, ku Zomba. Umaudulira pafupipafupi kuti usakule, masamba ake n'kuwakwirira m'bedi ngati manyowa. Mpapaya nawo mthunzi wake ndi wochepa, ndipo umayamba kubereka chaka chisanathe kapena kupitirira pang'ono.

Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 December mpaka 15 April, ndipo chaka chilichonse timaona mabwana atavala magambutsi akudzala mbande pamaso pa makamera. Pakhomo mafunso ake ndi ena: mtengowu ukakula mthunzi udzagwera kuti mu June, ndipo mizu idzafika pa maziko a nyumba kapena pa thanki ya chimbudzi? Mango amene alipo kale, nthawi zambiri kungosadza nthambi za m'munsi ndi zoyang'ana kudimba kumakwanira kuti dzuwa lifike pa tomato, ndipo nthambizo n'nkhuni za mwezi wathunthu.