KODI AKALULU ANGAKHALE PAMODZI M'KHOLA LIMODZI?

Mlimi amene ayamba kuweta akalulu kawiri-kawiri amanga khola limodzi lalikulu, naikamo onse pamodzi, amphongo ndi aakazi, monga momwe acitira ndi mbuzi kapena nkhuku. Pa miyezi yoyamba zonse zioneka bwino. Koma akalulu aja akafika miyezi itatu kapena inai, mwini wace ayamba kupeza ubweya uli mbwee pansi ndi makutu ong'ambika, ndipo pambuyo pace apeza ana akufa ali ngunda-ngunda kunja kwa cisa. Ambiri akaona zotere aganiza kuti mwalowa matenda kapena khoswe, ndipo ena agwa mphwai naleka kuweta. Koma colakwa ciri pa khola lomwelo. Akalulu aakulu amene asungidwira kubereka ayenera kukhala yense m'cipinda cace.

Kuti cimeneci cimveke bwino, nkofunika kudziwa kumene kalulu woweta anacokera. Iye sali mtundu umodzi ndi kalulu wa m'thengo, uja wa m'nthano, ndipo awiriwa sangaberekane. Kalulu wa m'thengo sakumba una; agona pa udzu, ndipo ana ace abadwa ali ndi ubweya, maso ali openya. Makolo a kalulu woweta kwao ndi ku Spain ndi ku Portugal, kumene akumba una pansi nakhala m'magulu. Koma m'gulu liri lonse muli wamphamvu amene enawo amuopa, ndipo wogonja pa ndeu ali nako kothawira. M'khola la matabwa ndi waya mulibe kothawira. Wogonja angopanikizika pa ngondya, nalumidwa tsiku ndi tsiku, nalephera kufika pa cakudya.

Amphongo ndiwo oyamba kubvuta. Akali aang'ono akhala mwamtendere, koma akatha msinkhu amenyana koopsa, ndipo polumana alunjika ku ziwalo zoberekera. Kalulu wolumidwa pamenepo, ngakhale apole, nthawi zambiri atsala wa ndiwo basi.

Za aakazi nzobisika, ndipo ndizo zidya phindu la mlimi iye osadziwa. Kalulu wamkazi alibe nyengo yoikika yofunira wamphongo monga iri nayo ng'ombe kapena mbuzi. Mbeu za m'mimba mwace zituluka cifukwa ca kukweredwa, patapita maola 10 kapena 12. Tsono aakazi awiri akakhala pamodzi akwerana okha-okha, ndipo thupi la wokweredwayo linyengeka, liyesa kuti latenga bere. Bere labodza limeneli likhala masiku 16 kufikira 18. Masiku onsewo kaluluyo sangatenge bere loona, ndipo potsiriza pace azula ubweya wace, namanga cisa, koma osaswa kanthu. Mlimi waperekera cabe msipu ndi gaga masabata opitirira awiri.

Bere loona likhala masiku 31, kapena kucepera pang'ono, kapena kupitirira pang'ono. Pa tsiku la 28 mlimi aike m'cipinda kabokosi ka udzu wouma kakuti kakhale cisa. Ana abadwa opanda ubweya ndi osapenya. Maso atseguka patapita masiku ngati 10, ndipo ayamba kuturuka m'cisa akayandikira masabata atatu. Mai wao awayamwitsa kamodzi kokha pa tsiku, kwa mphindi zowerengeka, nthawi yina yonse nawasiya okha. Cimeneci si nkhanza ai, ndiwo makhalidwe ace. Koma ana ofoka otere sangapirire kalulu wina wamkulu m'cipinda cao. Wamkazi mnzace afuna cisa comweco, nawaponda, kapena kuwaluma ndi kuwataya kunja, kumene afa ndi mphepo usiku umodzi wokha m'miyezi ya June ndi July.

Wamphongo akasiyidwa momwemo acita cina coipa. Kalulu wamkazi atha kutenga bere tsiku lomwelo limene waswa. Motero ayamwitsa ana asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu kunja, alikulera enanso m'mimba. Pa cakudya ca kumudzi, masamba a mbatata, cisoso ndi gaga, thupi lace silingasenze katundu wotere. Aonda, mkaka ucepa, ndipo ana a bere laciwiri abadwa ofoka.

Cifukwa cace lamulo la oweta akalulu ndi lakuti wamkazi ndiye apite kwa wamphongo. Wamphongo akalowetsedwa m'cipinda ca wamkazi, mwini nyumba amlandira ndi mano, kapena mlendoyo ataya nthawi kununkhiza malo acilendo. Nthawi yabwino ndi m'mamawa kapena madzulo kukazizira. Mlimi aime pomwepo ndi kupenyerera, pakuti nchitoyo sicedwa: wamphongo akagwera cammbali, kawiri-kawiri ndi kakulira, zatheka. Wamkazi abwezedwe m'cipinda cace, ndipo tsikulo lilembedwe pa kapepala kapena ndi khala pa thabwa la khola. Wamphongo mmodzi akwanira aakazi 8 kufikira 10. Kusunga amphongo atatu pa aakazi anai, monga zioneka m'makola ena, ndiko kudyetsa alendo osalima.

Alipo amene angakhale pamodzi. Mai akhala ndi ana ace kufikira aleke kuyamwa, pa masabata 6 kufikira 8. Ana a bere limodzi akacotsedwa kwa mai wao angakhale m'cipinda cimodzi, koma asanakwane miyezi itatu amphongo apatulidwe kwa aakazi, kuopa kuti angaberekane pacibale akali osakhwima. Amphongo osafunika kubereketsa agulitsidwe kapena aphedwe ndeu isanayambe. Aakazi apacibale amene anakulira pamodzi atha kupirirana kufikira miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, pamene mitundu yonga New Zealand White ndi Californian iyamba kupita kwa wamphongo. Cotero mlimi wa aakazi atatu ndi wamphongo mmodzi afunika zipinda zinai za aakulu, ndi zina ziwiri za ana oleka kuyamwa.

Kupatula sikutanthauza kubisa. Kalulu ndi nyama yokonda kuona anzace, ndipo wotsekeredwa yekha mumdima sakondwa. Pakati pa zipinda za aakazi pangakhale waya, kuti azionana ndi kununkhizana. Koma pakati pa amphongo awiri pafunika matabwa otseka, cifukwa alumana ngakhale pa mipata ya waya. Ku Ulaya anthu osunga akalulu m'nyumba monga osewera nao awasunga awiri-awiri, koma amenewo ayamba afulidwa ndi dokotala wa ziweto, ndipo mwini wao safunako ana.

Cipinda ca wamkazi ndi ana ace cisacepere masentimita 90 m'litali ndi 60 m'lifupi, ndipo msinkhu wace ukhale wakuti kalulu aime ndi miyendo yakumbuyo osagunda denga. Khola likwezedwe mita imodzi kucokera pansi, kuopa agalu, ndipo pa nsanamira pathiridwe phulusa cifukwa ca linthumbu. Pansi pace pakhale timitengo kapena nsungwi zokhala ndi mipata yakuti zitosi zigwe, koma mwendo wa mwana usalowe. Zitosi zikaunjikana m'khola lothinana zifalitsa matenda a m'matumbo ndi m'ciwindi ochedwa coccidiosis, amene apha maka-maka ana ongoleka kuyamwa. Zizindikiro zace ndi kutsegula m'mimba, mimba yotupa, ndi timadontho toyera pa ciwindi ca kalulu wophedwa. Kuthinana kuonjezeranso kutentha, ndipo kalulu abvutika kwambiri kutentha kukapitirira madigiri 30. Alimi a ku Nyimba, ku Mambwe ndi m'cigwa conse ca Luangwa amange makola ao pa mthunzi, popita mphepo, pokumbukira mwezi wa October.

Kalulu wogula kwina asaikidwe pafupi ndi enawo tsiku lomwelo. Akhale payekha masabata awiri kapena kupitirira, mlimi alikuyang'ana ngati ali ndi cimfine, nkhanambo m'makutu kapena mphere. Pali matenda ena opatsirana amene apha akalulu mwadzidzidzi, nthawi zina magazi alikuturuka m'mphuno. Anaoneka koyamba ku China m'caka ca 1984, ndipo m'caka ca 2022 anapezeka ku South Africa. Akalulu akayamba kufa ambiri nthawi imodzi, mlimi auze msanga a ofesi ya ziweto ya m'boma lace.

Ena asunga akalulu pamodzi ndi mbira, poona kuti zonse zidya msipu umodzi. Mbira, zimene kwao ndi ku mapiri a Andes ku South America, zikondadi kukhala m'gulu, yamphongo imodzi ndi zazikazi zingapo. Koma kalulu asenza m'mphuno mwace tizirombo timene iye sitimbvuta kweni-kweni, pamene mbira tiidwalitsa cibayo. Ndiponso kalulu wa makilogalamu anai akaponya mwendo wakumbuyo kamodzi atha kuthyola msana wa mbira. Mbira zikhale ndi malo ao-ao, ndipo zipatsidwe masamba aawisi tsiku liri lonse, pakuti thupi lao silipanga lokha vitamini C monga licitira la kalulu.