Nkhokwe yosaoneka imene ikusunga dzina lanu

Aliyense amene adatumizako ndalama pa foni, kulembetsa mayeso a MANEB kapena kujambulitsa chiphaso cha unzika, dzina lake lidalowa m'nkhokwe imene sadaionepo ndi maso. Akatswiri a makompyuta amaitcha database, ndipo pulogalamu imene imaiyang'anira amaitcha database management system, mwachidule DBMS. Ine ndimaphunzitsa pa sekondale ya kumudzi kumene makompyuta ndi owerengeka, koma ophunzira anga ndimawauza kuti nzeru za database munthu angathe kuzimvetsa ali ndi cholembera ndi kope basi.

Tengani kaundula wa m'kalasi. Mzere uliwonse wopingasa ndi wa mwana mmodzi, pomwe mizere yotsika ikusunga dzina, tsiku lobadwa, mudzi ndi mfumu yaikulu. Chimenechi ndiye chimene amati tebulo. Maganizo osunga zinthu m'matebulo olumikizana adawatulutsa m'chaka cha 1970 ndi Edgar F. Codd, katswiri wa masamu wobadwira ku England amene ankagwira ntchito ku kampani ya IBM ku America. Mpaka lero mabanki, zipatala ndi maboma ambiri akuyendera nzeru zomwezo.

Vuto loyamba ndi la mayina. M'kalasi imodzi mutha kupezeka a Banda anayi, awiri mwa iwo n'kufanananso dzina loyamba. Malikisi a wina akapita kwa mnzake, wolakwa ndani? Pothana ndi zimenezi, database imafuna kuti mzere uliwonse ukhale ndi chizindikiro chakechake chosafanana ndi china chilichonse, chimene amati primary key. Nambala ili pa chiphaso chanu cha unzika ndiyo chizindikiro chotere. Pamene bungwe la NRB lidalemba Amalawi oposa 9 miliyoni m'chaka cha 2017, chachikulu sichidali kakhadi kaja koma nambala imene imasiyanitsa inu ndi mnzanu wofanana naye dzina.

Mfundo imene ndimaiona kuti ndi mtima wa nkhani yonseyi ndi iyi: chinthu chimodzi chilembedwe malo amodzi, kamodzi kokha. Pa sukulu zathu dzina la mwana limalembedwa m'kaundula, m'buku la fizi, m'buku la malikisi ndi pa fomu ya mayeso. Olemba ndi anthu anayi osiyana. Wina alemba ndi l, wina ndi r. Wina aika dzina la bambo, wina la agogo amene akumulera. Mwanayo sadziwa kanthu mpaka tsiku limene akufuna malo ku koleji kapena ntchito, akamuuza kuti dzina la pa satifiketi likusiyana ndi la pa chiphaso. Zaka zinayi za thukuta zimathera m'maulendo okakonzetsa chilembo chimodzi, ndalama zoyendera n'kumachita kukongola.

Mu database yokonzedwa bwino, dzinalo limakhala mu tebulo la ophunzira lokha. Tebulo la fizi ndi la malikisi limangosunga nambala ya mwanayo, imene pamenepo amaitcha foreign key, ndipo nambalayo imaloza kumene kuli dzina. Mukakonza dzina pamalo amodziwo, lakonzeka paliponse. DBMS imakananso kulandira fizi ya nambala imene mulibe mu tebulo la ophunzira.

Zinthu zikasungidwa motere, kufunsa mafunso kumaphweka. Mphunzitsi wamkulu akafuna kudziwa atsikana a Fomu 2 amene ajomba masiku oposa khumi teremu ino, ndi makope timatha masana onse tikuwerenga. Kompyuta imayankha nthawi yomweyo ikafunsidwa m'chiyankhulo chotchedwa SQL, chimene chidayambira ku IBM komweko m'zaka za m'ma 1970. Mapulogalamu monga Oracle, MySQL, PostgreSQL ndi Microsoft Access amamva chiyankhulochi, ndipo foni ya Android ili m'thumba mwanu imasunga manambala a abale anu ndi kapulogalamu kotere kotchedwa SQLite.

Nanga ndalama? Mukatumiza K5,000 kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, pamachitika zinthu ziwiri: kuchotsa kwa inu ndi kuonjezera kwa wolandirayo. DBMS imaziwerengera ziwirizi ngati ntchito imodzi, yotchedwa transaction. Lamulo lake ndi lakuti zichitike zonse kapena pasachitike chilichonse. Makina akazima pakatikati, zonse ziyenera kubwerera mmene zidalili poyamba, kuti ndalama isasowe m'malere.

Nkhokwe imafunanso chitseko. DBMS imapatsa aliyense malire ake: wolandira fizi aone za fizi koma asathe kusintha malikisi, ndipo imatha kusunga mbiri ya amene wasintha kanthu ndi nthawi imene wasinthira. Pamafunikanso kusunga kope lina la zonse kumalo ena, chifukwa madzi osefukira ngati a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 sasankha kuti ili ndi buku, iyi ndi kompyuta.

Komabe tisanamizane: nkhokwe imabweza zimene mudathiramo. Mukathira chimanga chofumbwa, mudzatapa chofumbwa. Kompyuta siidziwa kuti mlembi waphonya chilembo. Imasunga cholakwikacho mokhulupirika zaka ndi zaka.

Akuluakulu adati mmera mpoyamba. Makolo, mwana akamalembetsa mayeso, onani ndi maso anu kalembedwe ka dzina lake ndi tsiku lobadwa, ndipo muyerekeze ndi zikalata zake zina. Aphunzitsi anzanga, tisadikire magetsi ndi makompyuta. Mwana aliyense wolowa Fomu 1 tingathe kumupatsa nambala yake, dzina lake n'kulilemba m'buku limodzi lalikulu, ndipo mabuku ena onse azitengera pamenepo. Tsiku limene makinawo adzafike, adzapeza zolowetsamo zili zolondola kale.