Sayansi Pakhomo Pathu: Galimoto Ikaŵira pa Chitunda

Amene anayendapo msewu wochokera pa boma la Neno kukwera kwa Dambe akudziŵa kuti msewu umenewu umayesa galimoto. Tsiku lina m'mwezi wa June ndinakwera matola pobwerera kusukulu kumene ndimaphunzitsa. Inali pikapu yakale, yosenza matumba a simenti, ife anthu titakhala pamwamba pake. Tili pakati pa chitunda nthunzi inayamba kufuka kutsogolo, ndipo tonse tinatsika. Dalaivala anagwira m'chiuno nati, "Koma abale, themositati ndinachotsa kale, nanga ikuŵiriranji?" Mayi wina amene anabereka mwana wodwala sanadikire yankho. Anauyamba wapansi kulunjika kuchipatala cha Dambe.

Funso la dalaivalayo ndilo tikambirane lero, pakuti achinyamata ambiri amene atsiriza Fomu 4 akukaphunzira umakaniko m'magalaja, ndipo limodzi mwa maphunziro oyamba amene amalandira kumeneko ndi lakuti themositati ndi ya kumaiko ozizira okha.

Themositati ndi kachitseko kosaposa chikhatho cha dzanja, kamene kamakhala pakhomo la paipi yolumikiza injini ndi rediyeta. M'kati mwake muli kachibotolo kachitsulo kodzaza ndi phula. Injini ikakhala yozizira phulalo limakhala louma, kachitseko nkukhala kotseka, ndipo madzi amangozungulira m'injini momwemo kuti atenthe msanga. Akafika pa madigiri 82, kapena 88 m'magalimoto ena, phula limasungunuka ndi kufufuma, nkukankha kachitseko kaja. Pamenepo madzi amayamba kupita ku rediyeta kumene mphepo imaŵaziziritsa. Pofika cha m'ma digiri 95 khomo limakhala litatsekuka lonse.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ntchito ya themositati ndi kuletsa injini kuzizira mopitirira muyeso. Kuletsa kuŵira ndi ntchito ya rediyeta, fani ndi pampu ya madzi. Pa chitunda ngati chija, injini ikulimbana ndi katundu, khomo limakhala lotsekuka kale. Kuchotsa kachitsekoko sikukulitsa rediyeta ngakhale pang'ono.

Eni magalimoto a mpikisano ndi ena okonda liŵiro ali ndi njira yawo. Iwo sachotsa themositati, koma amaika ina yotsekuka msanga, pa madigiri 71 kapena 68. Chifukwa chake chilipo. Injini ya petulo yopanikizidwa kwambiri ikatentha, mafuta amatha kuphulika nthaŵi yake isanakwane, ndipo imamveka ngati ikugogoda. Kompyuta ya galimoto ikamva kugogodako imachepetsa mphamvu pofuna kuteteza mapisitoni. Choncho kuyamba mpikisano injini ili yozizirirapo kumapatsa dalaivala mphindi zingapo kutentha kusanafike pachimake. Koma phindu lake limathera pomwepo. Galimoto ikathamanga nthaŵi yaitali, themositati ya 71 ndi ya 82 zonse zimakhala zotsekuka mofanana, ndipo wolamula ndi rediyeta. Nchifukwa chake a mpikisano enieni amakulitsanso rediyeta ndi kusintha malamulo a m'kompyuta, pakuti fani ya magetsi imayaka potsata kompyuta kapena swichi yake, osati themositati.

Tsono walira mvula walira matope. Taganizani galimoto yotsika kwa Dambe mbandakucha wa July itanyamula mbatata ya kachewere, chisanu chili chetechete m'mapiri a Kirk, injini isakugwira ntchito yolemetsa, mphepo yozizira ikuomba pa rediyeta. Popanda themositati madzi satentha konse. Kompyuta imaganiza kuti injini yangolizidwa kumene, ndipo imapitiriza kuthira petulo wochuluka. Petulo wotsala osapsa amatsuka oilo m'makoma a masilinda, zitsulo nkumakhudzana zokhazokha. Ndiponso mafuta akamayaka amatulutsa nthunzi ya madzi, ndipo ina imaloŵa mu oilo. Oilo wotentha bwino amaichotsa nthunziyo, koma wozizira amaisunga mpaka kusanduka phala lakuda lotseka tinjira ta oilo. Injini ya dizilo nayo ikamayenda yozizira imafuka utsi ndi kudzaza mwaye. Mwini galimoto amalipira kaŵiri: lero pa pampu ya mafuta, maŵa kwa makaniko.

Pali chinanso chimene ambiri sachidziŵa. M'injini zambiri themositati ili ndi kambale kachiŵiri kunsi kwake. Pamene ikutsekula njira ya ku rediyeta, kambaleko kamatseka njira yachidule imene madzi amadzera injini ikali yozizira. Mukaichotsa, njira yachiduleyo imakhala yotsekuka nthaŵi zonse, ndipo madzi ena otentha amabwerera m'injini osadzera ku rediyeta. Motero mankhwala aja amakulitsa matenda amene amati achize.

Nanga mau akuti magalimoto amene timaitanitsa ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam anapangidwira dziko la chisanu? Ku Japan kumazizira ndithu, koma kumatenthanso koopsa. Mu July 2018 mumzinda wa Kumagaya kutentha kunafika pa madigiri 41.1, kosasiyana ndi dzuŵa la October ku Zalewa kapena ku Lisungwi. Amisiri amene anapanga injinizi anaŵerengera nyengo zonse ziŵiri.

Galimoto ikaŵira tiyenera kufunsa mafunso oyenera. Kodi rediyeta sinatsekeke ndi matope kunja, kapena ndi dzimbiri m'kati chifukwa chothira madzi a mumtsinje opanda mankhwala ake? Kodi lamba wa fani ndi wokunga? Kodi gasiketi sinapse? Kodi katundu sanapose muyeso? Tisaiŵalenso chivundikiro cha rediyeta. Madzi amaŵira pa madigiri 100 m'mbali mwa nyanja yamchere, koma pa mamita 300 alionse amene takwera amafulumira kuŵira ndi digiri imodzi, kotero kuti pa mamita 1,500 amaŵira pa 95. Chivundikiro chabwino chimapanikiza madzi kuti asaŵire mpaka cha m'ma digiri 120. Labala wake akatha, galimoto imene inali bwinobwino kuchigwa imaŵira kumapiri.

Nzoona kuti themositati imatha kufa ili chitsekere, ndipo ikatero injini imaŵiradi. Kuichotsa kuti mufike kunyumba si mlandu, koma mukafika gulani ina ya nambala yomweyo. Kuiyesa nkosavuta, ndipo aphunzitsi anzanga a sayansi mungachite zimenezi m'kalasi. Imangirireni pa waya, iloŵetseni mumphika wa madzi pa mbaula pamodzi ndi themomita, ndipo ana aone okha kachitseko kakutsekuka pa nambala imene inadindidwa pa chitsulocho.

Pikapu ija titaiyang'anitsitsa itazizira, tinapeza kuti maso a rediyeta anali atamatidwa ndi dothi la dzinja lapitalo, ndipo labala wa chivundikiro anali atang'ambika. Themositati imene inatayidwa kudzala inalibe mlandu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Inu amene mukuyamba umakaniko, mukauzidwa kuti chotsani, funsani mwaulemu kuti chinaikidwiranji.

M'gawo lotsatira tidzaona chifukwa chimene mabuleki amatenthera pa mtsetse, ndi ubwino wotsika phiri pa giya yaing'ono.