Ovomera nyimbo si ongoperekeza

Sabata yatha ku situdiyo kwanga kuno ku Kasungu kunabwera atsikana atatu ochokera cha ku Chinkhoma. Mawu awo anagwirana bwino moti ndinayamba ndasiya makina n'kumangomvetsera. Akuti anazolowerana m'chigafa, posoka fodya. Titamaliza kujambula, amalume awo, amene analipira ndalama, anati pachikuto palembedwe dzina la wotsogolera yekha. "Awiriwa ndi ongovomera basi," anatero.

Mawu amenewa ndatopa nawo. Pantchito yathu timati harmony: anthu awiri kapena atatu kuyimba mosiyana, wina pamwamba, wina pakati, wina pansi, koma khutu n'kumamva chinthu chimodzi chodzadza. Amene amakhetsa thukuta ndi wapakatiyo, wa alto, chifukwa sayimba chuni chimene aliyense akuchidziwa. Amagwiritsa njira yake pamene mnzake wapambali akumukokera kwina, ndipo kuphunzitsa mwana zimenezi kumanditengera miyezi. Ndinatsitsa mawu a awiri aja pa mikisa kuti amalumewo adzimvere okha. Nyimbo inatsala yamadzimadzi ngati phala la odwala. Ndinawafunsa ngati anaonapo chimtali chikukolera popanda amayi ovomera.

Ku America maganizo omwewa anapweteka anthu. Mu 1962 nyimbo ya He's a Rebel inafika pa nambala 1 ndi dzina la The Crystals, chonsecho anayimba ndi Darlene Love ndi anzake a The Blossoms. Dzinalo anasankha ndi wojambula, Phil Spector. Florence Ballard anali mmodzi mwa oyambitsa The Supremes ku Detroit. Kampani ya Motown itayamba kukweza Diana Ross, iye anakankhidwira kumbuyo, n'kuchotsedwa m'gululo mu 1967. Anamwalira mu 1976 ali ndi zaka 32, atazunzika ndi umphawi. Zimandiwawa, chifukwa ngakhale The Beatles anakatapa kwa atsikana ngati amenewa: mu 1963 anajambulanso Please Mr. Postman ya The Marvelettes, ndi kuvomerana kwake komwe.

Tsono atsikana inu, musanalowe mu situdiyo gwirizanani: wapeka ndani, mayina alembedwa ati, mugawana bwanji. Lembani papepala, aliyense asaine, kenako kafunseni ku bungwe la COSOMA za kulembetsa nyimbo. Mikangano yonse sithera pamenepo, makamaka ndalama zikachokera kwa wachibale, komabe pepala limathandiza.

Amalume aja anavomera mayina atatu. Pa chithunzi akukakamirabe kuti pakhale mmodzi.